Nsanja ya Wotchi ya ku Mangochi ndi Mlatho wa Bakili Muluzi

Nsanja ya njerwa imeneyi ili pa boma la Mangochi, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Atsamunda anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, tawuniyi ikutchedwabe Fort Johnston. Pafupi pake pali mfuti yaikulu ya m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja ya Malawi. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, malo oyenera kuima kaye munthu asanapitirize ulendo.

Mlatho wa Bakili Muluzi, umene uli pa mtsinje wa Shire pafupi ndi nsanjayi, unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan m'malo mwa wakale. Pamenepa ndi powolokera anthu opita ku Namwera ndi ku Chiponde, kumalire ndi Mozambique.