Mbiri ya Kunong'onezana Patali

Kuyambira m'chaka cha 1876, pamene Alexander Graham Bell adalandira chikalata chomutsimikizira kuti ndiye mwini luso la lamya, anthu olankhulana patali adakhala ndi chimwemwe chosanganikirana ndi nkhawa, pakuti nthambo imene inkafikitsa mawu a munthu kwa mbale wake inali yomweyo imene inkawafikitsa kwa yense wofuna kutchera khutu panjira. Nkhawayo idakula pamene Britain ndi America adayamba kulankhulana kudutsa nyanja ya Atlantic mu 1927, chifukwa nthambo ya lamya ya pansi pa nyanjayo siidayalidwe kufikira 1956, ndipo m'zaka zonsezo mawu ankaponyedwa m'mlengalenga pa wailesi, momwe aliyense wokhala ndi chida chomvera adali wokhoza kuwatola.

Akuluakulu a maboma adali ndi makina otchedwa A-3, amene ankagawa liwu la munthu m'zigawo, nazisinthanitsa, natembenuza zina, kotero kuti womvera wamba ankangomva chisokonezo. Koma Ajeremani, amene adamanga nyumba yomvetsera m'dziko la Netherlands nkhondo yachiwiri ili mkati, adaphunzira kubwezera zigawozo m'malo mwake; ndipo pa 29 July 1943, patangopita masiku anayi Mussolini atachotsedwa pampando, iwo adamva atsogoleri a Britain ndi America, Churchill ndi Roosevelt, akukambirana za dziko la Italy, eni akewo ali kuyesa kuti ali awiri okha. Ena mwa akuluakulu a nkhondo a ku America adali atawakayikira kale makinawo. Pa 7 December 1941 George Marshall, pofuna kuchenjeza asilikali a ku Hawaii, sadakhulupirire lamya imene idali pafupi naye, natumiza telegalamu m'malo mwake, ndipo telegalamuyo idafika m'manja mwa mwini wake mabomba atagwa kale pa Pearl Harbor.

Mankhwala a nthenda imeneyi adapezeka ku Bell Telephone Laboratories, ndipo adali makina otchedwa SIGSALY, amene adayamba ntchito mu July 1943, Alan Turing wa ku Britain atapita kukawayendera kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Makinawa ayenera kuwafotokoza mofatsa, popeza zambiri zimene tili nazo lero zidamera pamenepo. Iwo sankatumiza liwu lenilenilo ayi, koma ankaliyeza kokwana 50 pa sekondi iliyonse, nasandutsa miyesoyo kukhala manambala. Ndipo pa manambalawo ankasanganizapo manambala ena opanda dongosolo, otengedwa ku phokoso lachabechabe limene lidajambulidwa pa zimbale za galamafoni. Chimbale chilichonse chinali ndi mnzake wofanana nacho ndendende, china chotsala ku Washington, china chonyamulidwa ndi mthenga wokhulupirika kupita ku London, ndipo chilichonse chinkatha pa mphindi 12 zokha. Ikakwana nthawi imene adapangana, amisiri a mbali zonse ziwiri ankayambitsa zimbalezo pa kamphindi kamodzi, motsogozedwa ndi mawotchi osaphonya, kuti phokoso limene laikidwa kuno lichotsedwe uko, liwu la wolankhula litulukenso, ngakhale linkatuluka lachilendo ndi losakoma m'khutu. Zokambirana zikatha, zimbale zonse ziwiri zinkaphwanyidwa. Wakuba mawu panjira ankangomva kulira konga kwa mavu, ndipo palibe umboni wakuti mdani adamvapo ngakhale liwu limodzi.

Koma taonani mtengo wake. Makina a mbali imodzi ankalemera matani oposa 50, nadzaza chipinda chachikulu, nafuna gulu la asilikali ophunzitsidwa kuwasamalira usana ndi usiku. A ku London adaikidwa m'chipinda chapansi cha sitolo ya Selfridges, ndipo kuchokera kumeneko nthambo inkafika ku kachipinda ka Churchill, kamene antchito ambiri ankayesa kuti ndi chimbudzi cha nduna yaikuluyo. Pa dziko lonse lapansi padali makina otere ngati khumi ndi awiri okha. Chinsinsi cha mawu, tsono, chinali chuma cha mafumu ndi akazembe a nkhondo, ndipo munthu wamba sankachilota nkomwe.

Njira yachiwiri idayambira kwina. Mu 1969 boma la America lidalumikiza makompyuta a masukulu aukachenjede mu ARPANET, kholo la intaneti, m'mene uthenga sunkayenda wathunthu koma unkadulidwa m'timitolo ting'onoting'ono, kalikonse koyenda pakokha, tokasonkhanitsidwanso kumene tikupita. Danny Cohen, wa ku Information Sciences Institute ku California, pamodzi ndi anzake a ku Lincoln Laboratory ku Massachusetts, adayesa kuyendetsa liwu la munthu m'timitolo timeneti, ndipo mu 1974 anthu adalankhulana pa ARPANET kuchokera ku gombe lina la America kufika ku linzake. Pofika 1976 malo angapo adachita msonkhano wa pakamwa nthawi imodzi. Apa padatuluka phunziro limene ine ndiliyesa lalikulu koposa m'mbiri yonseyi. Malamulo a makompyuta a nthawi imeneyo ankalamula kuti kamtolo kakatayika panjira, tonse totsatira tidikire kufikira kotayikako katumizidwenso, zimene zili zoyenera pa kalata kapena pa chiwerengero cha ndalama. Koma pa kulankhulana, liwu lofika mochedwa lili ngati ndiwo zobwera nsima itatha, ndipo nkwabwino kutaya kachidutswa ka liwu, khutu likadzazamo lokha, kusiyana ndi kuimitsa nkhani yonse. Kulimbikira kwa Cohen ndi anzake pa mfundo imeneyi kudathandiza kuti mu 1978 malamulowo agawidwe pawiri, TCP ndi IP, ndi kuti mu 1980 pakhazikitsidwe UDP, njira yosadikira, imene mawu ambiri a pa intaneti amayendamo kufikira lero.

Chidatsala ndi vuto la mfungulo. Anthu awiri wamba alibe mthenga wonyamula zimbale, nanga angapangane bwanji mfungulo wachinsinsi pa njira imene mdani ali kumvetsera? Yankho lidaperekedwa mu 1976 ndi Whitfield Diffie ndi Martin Hellman a ku Stanford, amene adaonetsa kuti aliyense wa awiriwo akasunga nambala yake mumtima, natumiza poyera chotuluka chake chokha m'masamu osavuta kuchita koma ovuta kubweza, onse awiri amafika pa nambala imodzi imene womvetsera sangaipeze ngakhale adamva zonse zimene zidadutsa. Matani 50 aja adalowedwa m'malo ndi masamu.

Pamenepo maboma adadzidzimuka, pakuti chimene chidali cha mafumu chidayamba kutsikira kwa anthu. Mu 1991 Phil Zimmermann adagawira anthu kwaulere pulogalamu yotchedwa PGP yobisira makalata a pa kompyuta, ndipo popeza malamulo a America ankawerengera luso lobisa uthenga pamodzi ndi zida za nkhondo zosaloledwa kutuluka m'dziko, adamufufuza zaka zitatu, kufikira nkhaniyo idatsekedwa mu January 1996 popanda kumuzenga mlandu. Iye osadikira chigamulo, mu 1995 adatulutsanso PGPfone, yobisa mawu a pakamwa. Mu April 1993 boma lomwelo lidalengeza kachipangizo kotchedwa Clipper, koikidwa m'malamya, kobisa mawu ndithu, koma mfungulo wake wina wosungidwa ndi boma, wogawidwa pakati pa nthambi zake ziwiri, kuti apolisi akalandira chilolezo azimvetsera. Anthu adakana kolimba, ndipo mu 1994 Matt Blaze adaonetsa kuti kachipangizoko kadali ndi chilema, kotero kuti pofika 1996 nkhani yake idazirala. Chaka cha 1993 chomwecho ndi chimene Amalawi adavota kusiya ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo akuluakulu amene akukumbuka m'mene kalata yopita kunja inkalembedwera mosamala, ndi m'mene munthu ankamezera mawu ena pa lamya, safunika kuwafotokozera chifukwa chake anthu a ku America adakana kusungitsa mfungulo wawo kwa boma.

Sindikunena kuti nkhawa ya apolisi njachabe, pakuti akuba ndi ambanda nawonso amanong'onezana. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Greece, m'zaka za 2004 ndi 2005, anthu osadziwika adalowa m'makina a kampani ina ya mafoni, natsegula khomo lomwe lidakonzedwera apolisi, namvetsera mafoni pafupifupi 100, pamodzi ndi ya nduna yaikulu ya dzikolo, kwa miyezi yambiri. Khomo limene lidasiyidwira mlonda ndi lomwe mbala idalowerapo.

M'zaka za PGP ndi Clipper zija lamya ya pa intaneti idafika m'nyumba za anthu. Kampani ya VocalTec ya ku Israel idayamba kugulitsa Internet Phone mu 1995. John Walker, mmodzi wa oyambitsa kampani ya Autodesk, atakhazikika ku Switzerland, adalemba Speak Freely, imene inkalumikiza kompyuta ndi kompyuta inzake mwachindunji ndi kubisa mawu awo. Koma kumayambiriro kwa 2004 adaisiya, akudandaula kuti makompyuta a m'nyumba adatsekeredwa kuseri kwa zipangizo zimene sizilola wakunja kuwaitana, kotero kuti anthu awiri sangathenso kupezana popanda mkhalapakati. Skype, imene idabadwa mu 2003, idapambana chifukwa idapeza njira yodutsira mpanda umenewo, koma ulamuliro wa mafungulo udali m'manja mwa kampani. Ndipo mkhalapakati akakhalapo, funso lakale limabwerera: kodi amene ndikulankhula naye ndi mnzanga, kapena ndi wina amene waima pakati, nalandira mawu anga, nawapereka kwa mnzangayo atawamva?

Zimmermann adayankha funsoli mu 2006 ndi njira yotchedwa ZRTP, ndipo yankho lake nlakale ngati la amuna a Gileadi pa madooko a Yordano, amene ankazindikira mdani pomutchulitsa liwu limodzi. Mafoni awiri akatha kupangana mfungulo, iliyonse imaonetsa mawu awiri achidule ochokera ku mfungulowo. Wina amawawerenga mokweza, mnzake nayang'ana pa foni yake, ndipo ngati afanana, palibe waima pakati, popeza wonyengayo sangathe kufananitsa mafungulo awiri osiyana, kapena kubwereka liwu la mbale wako pa kamphindi komweko. Mauthenga olembedwa nawo adapeza chitetezo chawo mu OTR ya 2004, kenaka mu TextSecure ya Moxie Marlinspike ya 2010, imene pamodzi ndi RedPhone idabala Signal. Edward Snowden ataulula mu 2013 kukula kwa ukazitape wa maboma pa intaneti, makampani adafulumira, ndipo mu April 2016 WhatsApp idalengeza kuti mauthenga, mafoni ndi magulu a anthu ake oposa biliyoni imodzi abisidwa kuchokera kwa wotumiza kufika kwa wolandira. Si onse olonjeza amene adanena zoona: mu 2020, mliri wa Covid-19 utasamutsira misonkhano pa intaneti, bungwe la boma la America loona za malonda lidadzudzula Zoom chifukwa chonena kuti misonkhano yake njobisika kotheratu pamene makina a kampaniyo ankasunga mafungulo.

Lero mayi wa ku Mangochi akamalankhula ndi mwana wake wa ku Johannesburg pa WhatsApp, ali ndi chinsinsi choposa chimene Churchill adali nacho pa A-3, pa mtengo wa bandulo ya tsiku limodzi. Komabe kubisako kuli ndi malire ake: sikubisa kuti mwaimbira yani, liti, ndi kwa nthawi yotalika bwanji, ndipo sikuteteza foni imene yabedwa kapena imene mwabwereketsa yosakhoma. Mu WhatsApp ndi mu Signal, pa dzina la munthu aliyense amene mumalankhula naye, pali nambala ya zilembo 60 imene iyenera kufanana pa mafoni anu awiri. Mukadzakumana ndi mbale wanu amene mumakambirana naye za ndalama, za matenda kapena za milandu, khalani pansi, mutsegule mafoni onse awiri, muyerekeze nambalayo.