Mafupa a ku Mwakasyunguti

Mwana wa sukulu mukamufunsa kumene kunkakhala madinosaur, zinyama zikuluzikulu zija zooneka ngati abuluzi zimene zinatha padziko kalekale, kawirikawiri amatchula America, chifukwa ndi kumene amaziona pa kanema. Ndi ochepa amene angatchule Karonga. Chonsecho kumeneko, m'zigwembe zofiira za dera la Mwakasyunguti, mvula yakhala ikufukula mafupa a zinyamazi chaka ndi chaka, ndipo imodzi mwa izo imadziwika padziko lonse ndi dzina la dziko lathu.

Mbiri yolembedwa ya mafupawa imayambira m'chaka cha 1924. Tikuti yolembedwa chifukwa n'zosakayikitsa kuti abusa a ng'ombe a kumeneko anali atawapondapo kale azungu asanawaone. Frank Dixey, katswiri wa za miyala m'boma la atsamunda la Nyasaland, anayendera malowa natola mafupa amene anali atasanduka miyala. Anawatumiza ku South Africa, kumene Sidney Haughton anawaunika nalemba za iwo mu 1928. Iye anaganiza kuti nyamayi inali mtundu umodzi ndi ina imene Ajeremani anakumba ku Tendaguru, m'dziko la Tanganyika, pakati pa 1909 ndi 1913, choncho anaitcha Gigantosaurus dixeyi, kulemekeza Dixey uja. Mu 1930 kunabweranso gulu lina lotumidwa ndi British Museum, ndipo zimene linatola zinapita ku London. Apa mpamene nkhaniyi inagona tulo kwa zaka zoposa 50. Ana a m'Nyasaland, kenaka a m'Malawi, ankaloweza mayina a mitsinje ya ku Ulaya, osadziwa kuti chuma cha kwawo chili m'mabokosi ku Cape Town.

Koma bwanji Karonga, osati Dedza kapena Mchinji? Yankho lili m'nthaka. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nyanja ya Malawi kulibe, m'derali munkayenda mitsinje imene inkakwirira nyama zakufa ndi mchenga ndi matope. Pang'onopang'ono mchere wa m'madzi unalowa m'mafupamo mpaka analimba ngati mwala. Patapita nthawi yaitali dziko linang'ambika, mbali ina n'kutitimira kukhala chigwa chimene muli nyanja yathu lero, mbali ina n'kutukuka. Miyala imene inali pansi penipeni inafika poyera, ndipo madzi a mvula anayamba kuisenda. Kukokoloka kwa nthaka kumene mlimi amadandaula nako ndi komwenso kumasangalatsa wofufuza mafupa.

Nkhaniyi inadzuka mu 1984 pamene Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku Texas anafika ku Karonga. M'zaka zotsatira iye ndi anzake anakumba mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Ntchito yake si ya khasu ayi. Fupa lotere limayoyoka ngati chigumu chouma, motero amalikumba ndi tizitsulo ndi burashi, kulikuta ndi pulasitala, kenaka n'kulinyamula pamapewa dzuwa la ku Karonga likuswa mtengo. Mafupa atsopanowa, kuphatikizapo zidutswa za chibade ndi nsagwada, anaonetsa kuti Haughton anaphonya: nyamayi inali mtundu wakewake wa gulu la titanosaur, yodya masamba, ya khosi ndi mchira wautali, mano ake ngati tizikhomo. Mu 1993 anaipatsa dzina latsopano, Malawisaurus dixeyi.

Pakati pa anthu anayi amene analemba dzina limenelo panali mtsikana wa Chimalawi, Elizabeth Gomani. Mpofunika kuima pang'ono pamenepa, pakuti m'mbiri yonseyi aka kanali koyamba kuti mwana wa kuno asakhale wonyamula katundu chabe koma wotchula dzina. Mu 1997 iye analongosola kang'ona kakang'ono ka pamtunda, ka mano osiyanasiyana ngati a nyama zoyamwitsa, nakatcha Malawisuchus mwakasyungutiensis. Dzina la mudzi linalowa m'mabuku a sayansi, ngakhale azungu amaluma lilime politchula. Abale ake a kang'onaka anapezeka ku Brazil, umboni wakuti Africa ndi South America anali dziko limodzi nyanja ya Atlantic isanawalekanitse. Mu 2005 Gomani anatchanso dinosaur ina kuti Karongasaurus.

Nthaka ya Karonga sinathere pa madinosaur. M'zaka za m'ma 1960 J. Desmond Clark anapeza mafupa a njovu pamodzi ndi zida za miyala m'mudzi wa Mwanganda. Mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha nsagwada ya munthu wakale wotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Aphunzitsi asamale pofotokoza: munthu ameneyu sanaonepo dinosaur, popeza zinyamazo zinali zitatha zaka zoposa 60 miliyoni iye asanabadwe.

Mu 2004 ku Karonga kunatsegulidwa nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo pakati pake anaimikapo chifanizo cha mafupa onse a Malawisaurus. Ana a ku Karonga tsopano angathe kuima pansi pa nthiti zake n'kukweza maso. Koma kuchokera ku Nsanje kukafika kumeneko ndi ulendo wa makilomita oposa 900, ndipo ndi sukulu zingati zingakwanitse basi? Kwa mwana wa ku Nsanje njira yachidule ndi buku, la m'chinenero chimene amalota nacho. Ife alembi tawalembera ana za Kalulu ndi Fisi mpaka Kaluluyo watopa, pamene chinyama chotenga dzina la dziko lathu chikuyembekezabe m'malipoti a Chingerezi.