Kusunga njinga yamoto kwa nthawi yaitali

Kusunga njinga yamoto kwa nthawi yaitali ndi ntchito yoikonzekeretsa kuti ikhale miyezi ingapo osayenda koma osawonongeka. Izi zimafunika mwini wake akapita kukagwira ntchito kutali, akadwala, kapena m'mayiko ozizira monga Canada, komwe njinga zambiri zimaimikidwa nyengo yonse yachisanu. Njinga yongosiyidwa imavuta kuliza, ndipo kuikonzanso kumadya ndalama zoposa zimene zikadalowa poisamala.

Mafuta

Petulo akakhalitsa amasanduka, n'kusiya zinthu zomata ngati utomoni zimene zimatseka timabowo ta m'kabyuleta. Petulo wosakaniza ndi ethanol amakokanso chinyezi cha mumpweya. Ku Malawi mafuta otere ayamba kale, chifukwa fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa idatsegulidwa mu 1982. Ngati njinga ikhala miyezi yochepa, thanki imadzazidwa ndipo amathiramo mankhwala oteteza petulo, chifukwa thanki yachitsulo yosadzaza imachita thukuta m'kati n'kuyamba dzimbiri. Ngati ikhala kupitirira chaka, petulo yense amachotsedwa. M'njira zonse ziwiri, mpopi wa mafuta umatsekedwa ndipo petulo wotsala m'kabyuleta amakhuthulidwa pomasula kasikuluwu ka pansi pake.

Injini

Oilo wakale amakhala ndi asidi ndi zinyalala zimene zimadya zitsulo, choncho amasinthidwa injini ikadali yofunda. Amakaniko ena amachotsa pulagi, kuthira oilo pang'ono m'silinda, n'kuzungulitsa injini kuti oiloyo afalikire. Kuliza injini mphindi zochepa mwa apo ndi apo sikuthandiza, chifukwa ikapanda kutentha mokwanira imasiya madzi m'kati ndi mu ekizozi.

Batire

Njinga zambiri zimagwiritsa ntchito batire ya mavoti 12, yomwe ikadzaza imaonetsa pafupifupi mavoti 12.6. Batire imatha moto pang'onopang'ono ngakhale isakugwira ntchito, ndipo ikakhala yopanda moto kwa nthawi yaitali siitchajikanso bwino. Pochotsa amayamba ndi waya wa (-) kuti pasathetheke moto. Imasungidwa pamalo ouma, osatentha, ndipo imatchajidwa pafupifupi kamodzi pamwezi.

Matayala, tcheni ndi malo osungira

Njinga imatsukidwa n'kuumitsidwa, ndipo tcheni amachipaka mafuta. Matayala amapopedwa mpweya wokwanira, njinga n'kuimikidwa pa sitandi yapakati kuti kulemera kwake kusaphwatalalitse mbali imodzi ya tayala. Malo abwino ndi a m'nyumba, mopanda dzuwa ndi chinyezi, kutali ndi moto ndiponso feteleza, amene amafulumizitsa dzimbiri. Imafundidwa nsalu yolowa mpweya, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi. Pakamwa pa ekizozi ndi polowera mpweya pamatsekedwa kuti makoswe ndi mavu asamangemo zisa. Makoswe amatafunanso mawaya.

Poiyambanso

Zotsekera zonse zimachotsedwa, batire imabwezeredwa poyamba ndi waya wa (+), ndipo petulo wakale amasinthidwa ngati wasintha fungo kapena mtundu. Mabuleki, magetsi, oilo ndi mpweya wa m'matayala zimayang'anidwa. Tayala long'aluka m'mbali limasinthidwa ngakhale mapanga ake akadali akuya. Ulendo woyamba umakhala waufupi komanso woyenda pang'onopang'ono, kuti vuto lililonse lionekere pafupi ndi kunyumba.