Mmene anapezera njira zobisika mu ubongo wa khoswe

Khoswe akanunkhiza fungo la mphaka, amaima chilili kapena kuliyatsa liwiro asanaone n'komwe mdani wakeyo. Mbali yaikulu ya lamulo lochita zimenezi imachokera m'kachigawo ka pansi pa ubongo kotchedwa hypothalamus, komwenso kamayang'anira njala, ludzu, tulo ndi kutentha kwa thupi. Kuti thupi limvere, uthengawo umatsikira ku ubongo wapakati kudzera mu timaulusi ta minyewa tosaoneka ndi maso. Zinatengera akatswiri zaka zoposa 100 kuti adziwe kumene timaulusi timeneti timayambira ndi kumene timathera.

Poyamba, chida chawo chinali kuwononga. M'chaka cha 1850, Augustus Waller wa ku England anadula minyewa ya lilime la chule, ndipo anaona kuti chigawo cha ulusi chimene chalekana ndi selo yake chimafota n'kufa. Nzeru inabadwa pamenepo: ukavulaza malo amodzi mu ubongo n'kudikira masiku angapo, ulusi wakufawo ukusonyeza kumene malowo amatumiza uthenga. Mankhwala a Vittorio Marchi wa ku Italy ankadetsa ulusi wotere, koma wokhawo wokutidwa ndi mafuta. Ulusi wambiri wa hypothalamus ndi wopyapyala ndipo ulibe chikuto chimenecho, choncho sunkaoneka.

Amene anatsegula khomo ndi Walle Nauta, dokotala wa ku Netherlands. Iye anali atasonyeza mu 1946 kuti kuvulaza mbali zina za hypothalamus kumasokoneza tulo ta makoswe, koma analibe njira yoonera minyewa imene inali kuchititsa zimenezi. Ali ku Zurich anagwira ntchito ndi katswiri wa mankhwala Paul Gygax, ndipo mu 1954 anafalitsa njira yogwiritsa ntchito siliva imene inkaonetsa ulusi wakufa ngakhale wopyapyala. Pofika 1957, Ray Guillery ku London anali atalondola minyewa yolumikiza hypothalamus ya khoswe ndi zigawo zina za ubongo.

Komabe vuto lalikulu linatsala. M'mbali mwa hypothalamus mumadutsa mtolo waukulu wa minyewa yochokera kutali. Malowa ali ngati tauni ya m'mbali mwa msewu waukulu, momwe muli eni mudzi komanso apaulendo ongodutsa. Singano ya wofufuza inkapha onse pamodzi. Akaona ulusi wakufa ku ubongo wapakati, sakanatha kulumbira kuti wachokeradi mu hypothalamus.

Yankho linabwera akatswiri atasiya kupha n'kuyamba kudyetsa. Kale mu 1948, Paul Weiss ndi Helen Hiscoe anali atasonyeza kuti selo yamoyo imatumiza zinthu mkati mwa ulusi wake mpaka kumapeto. Mu 1972, Maxwell Cowan ndi anzake ku St. Louis anafotokoza njira yogwiritsa ntchito mfundoyi. Ankagoneka khoswe ndi mankhwala, kumanga mutu wake pa chipangizo choyezera, n'kubaya kadontho ka timadzi tomangira mapuloteni tokhala ndi mphamvu ya radiyeshoni. Maselo a pamalopo ankamwa timadzito n'kutitumiza kutsogolo, pamene ulusi wongodutsa sunkatenga kanthu kwenikweni. Kenako ubongo ankaudula tizidutswa topyapyala kuposa pepala, kutipaka mankhwala ojambulira zithunzi, n'kutisunga mumdima kwa masabata angapo. Akatitulutsa, pa maikulosikopu pankaoneka timadontho tasiliva tandanda m'njira yonse. Mu 1976, Clifford Saper, Larry Swanson ndi Cowan analondola motere njira yochokera m'munsi mwa hypothalamus ya khoswe kukafika ku PAG, gawo la ubongo wapakati lozungulira kangalande ka madzi a mu ubongo. Nthawi yomweyo, puloteni ya HRP, yochokera ku muzu wa chomera chotchedwa horseradish, inalola ofufuza kuyenda chobwerera, kuchoka kumapeto kwa ulusi kukapeza selo yake.

Chida chooneka bwino koposa chinachokera m'munda. Mu 1984, Charles Gerfen ndi Paul Sawchenko a ku Salk Institute ku California anapeza kuti PHA-L, puloteni ya mu nyemba, imadzaza selo yonse, nthambi zake mpaka timfundo timene imalumikizirana ndi maselo ena. Tsopano munthu ankatha kusiyanitsa ulusi wongodutsa ndi umene wafika kwawo. Mu 1994, Newton Canteras, Richard Simerly ndi Swanson anaigwiritsa ntchito posonyeza kuti tizigawo toyandikana ta hypothalamus timatumiza minyewa kumbali zosiyana za PAG: tina tokhudza kudziteteza, tina tokhudza kukwerana.

Lero ofufuza amagwiritsa ntchito mavairasi ndi kuwala kuti ayatse kapena kuzimitsa njira imodzi nyama ili maso. Zonsezi zaima pa mapu amene anthu oleza mtima aja anajambula. Popeza ubongo wa munthu uli ndi hypothalamus ndi PAG zomwezi, amene akufunafuna thandizo la mantha osatha, ululu wosapola kapena kusagona amayambira pa mapu a khosweyo, ndipo mankhwala abwino adzadalira kuti mapuwo akhale olondola.