Pamene kukhudzana kunaletsedwa: zimene mliri wa Ebola unatiphunzitsa

Mliri wa Ebola umene unayamba m'dziko la Guinea mu Disembala 2013 unafalikira ku Liberia ndi Sierra Leone. Pofika mu 2016, anthu oposa 28,000 anali atadwala ndipo oposa 11,000 anamwalira. Kachilombo ka Ebola kamafala munthu akakhudza magazi, masanzi, chimbudzi kapena thupi la wodwala, ndipo mtembo ndi umene umakhala woopsa kwambiri. N'chifukwa chake uthenga waukulu wa zaumoyo unali woti anthu asakhudzane. Kupatsana moni wa m'manja kunatha, ndipo mayi ankauzidwa kuti asanyamule mwana wake amene akusanza.

Malangizowa anali olondola, koma njira imene anakhazikitsidwira poyamba inawonjezera mantha. Mu Ogasiti 2014, boma la Liberia linalamula kuti mitembo ya omwalira ndi Ebola ku Monrovia iziwotchedwa, ndipo asilikali anatseka dera la West Point kwa masiku 10. Mabanja ambiri, poopa kuti sadzaonanso m'bale wawo ngakhale manda ake, anayamba kubisa odwala ndi kusambitsa maliro usiku. Zimenezi zinafalitsa matendawa. Amene anachira, pamodzi ndi anthu odzipereka a Red Cross amene ankaika maliro, ankasalidwa m'misika ndi m'makomo mwawo.

Zinthu zinayamba kusintha chakumapeto kwa 2014, bungwe la WHO litatulutsa ndondomeko yoika maliro mosamala komanso mwaulemu. Achibale ankaloledwa kuona mwambo ali chapatali, kupemphera limodzi ndi abusa kapena mashehe, ndi kudziwa pamene m'bale wawo wagona. Mu Disembala chaka chomwecho, dziko la Liberia linasiya kukakamiza kuwotcha mitembo. Lamulo loletsa kukhudza mtembo linakhalabe, koma banja linapatsidwa mbali yake pa maliro.

Phunziroli likutikhudza ife alangizi a zaumoyo ndi odzipereka tikamalimbana ndi kolera kapena mliri wina. Munthu amene akupukuta wodwala kapena kusambitsa mtembo akukwaniritsa udindo wake pachibale, ndipo kungomuuza kuti asiye sikokwanira. Tikaletsa chinthu, tifotokoze chifukwa chake ndi nthawi imene chiletsocho chidzathe, kenako tipereke njira ina: magolovesi ndi madzi a klorini, malo oimapo poona wodwala, komanso uthenga wa mmene akupezera tsiku ndi tsiku. Wochira akamabwerera kumudzi, tim'perekeze ndi kumupatsa moni wa m'manja pamaso pa amfumu ndi anthu onse.