Khansa za M'njira ya Chakudya M'mayiko Omwe Akutukuka Kumene

Khansa za m'njira ya chakudya ndi zomwe zimagwira kummero, chifu, chiwindi, kapamba ndi matumbo. M'mayiko olemera yofala kwambiri ndi ya matumbo, pamene m'mayiko ambiri omwe akutukuka kumene zosautsa ndi ya kummero, ya chiwindi ndi ya chifu.

Malinga ndi bungwe la International Agency for Research on Cancer, lomwe likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 604,000 anapezeka ndi khansa ya kummero padziko lonse, ndipo pafupifupi 544,000 anamwalira nayo. Kuyandikana kwa ziwerengero ziwirizi kukusonyeza kuti opulumuka ndi ochepa. Matendawa ndi ochuluka kum'mawa kwa Asia komanso kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko okhudzidwa kwambiri.

Chimodzi mwa zifukwa zazikulu ndi kuchedwa kufika kuchipatala. Khansa ya kummero imayamba mwakachetechete. Munthu amayamba kutsamwa nsima ndi nyama, n'kusinthira ku phala, ndipo chifukwa choti phalalo likudutsa amaona ngati vuto lachepa. Akamalephera kumeza madzi ngakhale malovu, chotupa chimakhala chakula moti opaleshoni siithekanso. Madokotala amangoika kapaipi kummero kuti wodwala azitha kudya. Ena nthawi imawathera kwa asing'anga. Koma si mlandu wa odwala okha, pakuti makina ounikira kummero amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. N'chifukwa chake madokotala amati kuvutika kumeza, kuonda popanda chifukwa komanso magazi m'chimbudzi si zizindikiro zodikira nazo.

Zomwe zimakulitsa chiopsezo cha khansa ya kummero ndi fodya, mowa waukali monga kachasu, ndi zakumwa zotentha kwambiri. Mu 2016 bungwe lija linaika zakumwa zopitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zomwe zingayambitse khansa.

Khansa ya chiwindi ikukhudza alimi ndi amalonda mwachindunji. Imayamba kawirikawiri ndi kachilombo ka hepatitis B, komwe katemera wake ana amalandira m'Malawi kuyambira 2002, komanso poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amachuluka mu mtedza ndi chimanga zomwe zasungidwa zisanaume bwino, kapena mu mtedza wowazidwa madzi kuti usavute kuswa, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa.