Mapazi a chilombo chosaoneka

Mu 1950 Mfumu Nsefu, itakambirana ndi Norman Carr, inapatula malo m'mbali mwa Luangwa kuti nyama zisungidwe. Olondolera alendo kumeneko amawerenga mapazi: mkango sanauone, koma akudziwa kuti wadutsa.

Akatswiri a nyenyezi nawonso akhala akulondola mapazi. Mu 1933 Fritz Zwicky anaona kuti milalang'amba ya m'gulu la Coma ikuthamanga kwambiri, moti ikanabalalika kalekale pakanapanda china cholemera choikoka. Ambiri sanamulabadire (munthuyo analinso wamakani). Mu 1970 Vera Rubin ndi Kent Ford anayeza Andromeda, mlalang'amba umene ku Nsefu umaoneka ngati kautsi chakumpoto usiku wa Novembala. Nyenyezi za kumphepete zinkazungulira mofulumira kuposa momwe masamu amanenera. Chozigwiracho amachitcha dark matter, ndipo kulemera kwake kumaposa kasanu zonse zooneka.

Koma mapazi okha sadyedwa. Zaka zoposa 90 zapita. Makina ali mumgodi wakale wa golide ku South Dakota akudikirabe kachidutswa koyamba. Ena akuti mwina cholakwika ndi masamu athu a mphamvu yokoka.